Applet ndi lamulo lotsegulira tsamba lina: mafunso ndi mayankho

Ophunzira zamakompyuta kuno ku Chipata, ngakhalenso a ku Katete ndi Petauke, ena akuwerengabe mabuku akale a Java (chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta) okhala ndi mutu wa applet. Mafunso amene amandifunsa kawirikawiri ndi awa.

Kodi applet n'chiyani?

Ndi kapulogalamu ka Java kamene kankagwira ntchito mkati mwa tsamba la pa intaneti. Kampani ya Sun Microsystems idakabweretsa mu 1995.

Kodi applet ingatsegule tsamba lina?

Payokha siingathe. Imachita kupempha browser polemba getAppletContext().showDocument(url, "_blank"). Mawu omalizawo ndi amene amanena pomwe tsambalo lionekere: "_blank" ndi pawindo latsopano, "_self" ndi m'furemu momwe muli applet, "_top" ndi pawindo lonse. Kumbukirani kuti ili ndi pempho chabe. Browser ikhoza kukana, makamaka ngati ili ndi choletsa ma pop-up, ndipo appletviewer, pulogalamu yoyesera applet popanda browser, sichitapo kanthu. Adilesi (url) iyambe ndi mawu monga http:// kapena https://, apo ayi mukumana ndi uthenga wa cholakwika wotchedwa MalformedURLException.

Nanga bwanji imakana ndikafuna kuti applet iwerenge yokha zimene zili pa tsamba lina?

Apa ndiye pagona nkhani. Applet yosasainidwa ndi satifiketi imakhala mu sandbox, kapena kuti mpanda wachitetezo woiletsa kuchita zinthu zina, ndipo lamulo lake ndi lakuti ilumikizane ndi seva imene idachokera basi, ija imene getCodeBase() imatchula. Ili ngati mlendo amene wafika pakhomo panu. Akhoza kutumiza uthenga kwawo, akhozanso kukupemphani kuti, "Amayi, tapitani mukaone kwa aneba." Koma iye kudzuka n'kumakasuzumira m'nyumba za anthu, zimenezo ayi.

Ine lamuloli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse. Applet imagwira ntchito pa kompyuta yanu, mkati mwa netiweki ya ofesi kapena sukulu yanu. Ikadaloledwa kupita paliponse, ikadatha kutenga zinsinsi za pa makompyuta amene anthu akunja sangawafikire, n'kuzitumiza kwa mwini applet inu osadziwa. Ndi showDocument vutoli palibe, chifukwa tsambalo limabwera pamaso panu, applet siliona.

Kodi panalibe njira ina?

Inalipo. Ena ankasaina applet ndi satifiketi, wogwiritsa ntchito n'kuvomera kuti ituluke mu sandbox. Ena ankauza seva yawo kuti ikatenge tsambalo, kenako ilipereke kwa applet.

Ndalemba zonse bwino, koma pa Chrome sipakuoneka kanthu. Ndalakwitsa pati?

Mwina simudalakwitse paliponse. Chrome idasiya kulandira pulagini ya Java (kapulogalamu kothandiza browser kuyendetsa applet) mu September 2015, Firefox idatsatira mu March 2017. Oracle, imene idagula Sun mu 2010, idalengeza mu Java 9 kuti applet yatha ntchito, ndipo mu Java 11 ya 2018 pulaginiyo idachotsedwa. Pa foni za Android ndi iPhone, zimene ambiri a ife timalowera pa intaneti, applet sidagwirepo ntchito n'komwe. Zimandimvetsa chisoni kuona mwana watha bando yake ya sabata yonse kufunafuna pulagini imeneyi.

Tsono ndichite chiyani?

Ngati applet ili pa mayeso, iwerengeni kuti mukhoze. Pa ntchito yeniyeni gwiritsani linki wamba, kapena JavaScript: window.open imatsegula windo latsopano, window.location imasintha tsamba limene mulipo. Mukadzafuna kuwerenga za pa seva ina ndi fetch ya JavaScript, browser idzakukanizaninso pokhapokha seva imeneyo itavomera kudzera mu CORS, njira imene seva imalolera masamba a kwina kuwerenga zake.