Kusankha sefa: chitsulo, loko ndi mabawuti apansi

Palibe sefa yosatseguka. Mukamagula sefa, bokosi lachitsulo losungiramo ndalama ndi mapepala ofunika, chomwe mukulipira ndi nthawi: mphindi zimene wakuba adzathere akulimbana ndi chitseko ndi kuchita phokoso mpaka mlonda kapena aneba atamva. Ndiye musanafunse mtengo, dzifunseni kuti mukuopa wakuba kapena moto, chifukwa sefa ya ntchito imodzi nthawi zambiri siigwira inayo.

Sefa ya moto imaoneka yojintcha, koma chitsulo chake n'chopyapyala. Pakati pa makoma ake amaikamo zinthu zosunga madzi, monga jipisamu kapena konkire yopepuka, zomwe zikatenthedwa zimatulutsa nthunzi n'kuchedwetsa kutentha kulowa mkati. Munthu wokhala ndi chitsulo chokanulira akhoza kuitsegula msanga. Sefa ya akuba ili ndi chitsulo chochindikala ndi mipiringidzo yolimba, koma chitsulo chimalowetsa kutentha mofulumira, ndipo nyumba ikapsa satifiketi ya MSCE, pasipoti ndi mapepala a malo zimasanduka makala muli mkati momwemo. Ilipo yoteteza zonse ziwiri, koma ndi yodula, ndipo iyenera kukhala ndi umboni wa mayeso onse awiri.

Umboniwo musaufune m'mawu a wogulitsa kapena pa katoni. Tsegulani chitseko muone kambale kachitsulo komwe amakhoma mkati mwake. Pa za akuba, EN 14450 ndi muyezo wa ku Ulaya wa masefa aang'ono a pakhomo, wa magawo S1 ndi S2. EN 1143-1 ndi wa masefa olimba, kuyambira giredi 0 kumka m'mwamba. Ochokera ku South Africa amatsata SABS 751, ya magawo 1 mpaka 5. Pa za moto, LFS 30 P kapena LFS 60 P ikutanthauza kuti mapepala atetezeka mphindi 30 kapena 60. UL 72 Class 350 ikutanthauza kuti pa nthawi yolembedwayo kutentha kwa mkati sikupitirira madigiri 177 a Celsius. Mapepala amapirira pamenepo, koma zosungira mafayilo a pakompyuta zimafuna Class 125, yomwe siipitirira madigiri 52. Ngati bizinesi yanu ili pa inshuwalansi, funsani kampaniyo musanagule kuti imavomereza ndalama zingati kugona mu sefa ya giredi imeneyo, ndipo yankholo likhale lolemba.

Pa kukula, yezani mkati osati kunja. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi pafupifupi 30 m'litali, ndipo liyenera kugona osapindidwa. Kumbukiraninso kuti ndalama yathu yaikulu ndi K5,000, choncho K1 miliyoni ndi mapepala 200 pochepetsetsa. Kwa wa golosale kapena ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba, amene amalandira ma K500 ndi ma K1,000 ambiri, kasefa kakang'ono kamadzaza tsiku lomwelo.

Pamene anthu ambiri amaluzira ndi pomangirira. Sefa ya makilogalamu 40, ngakhale 100, anthu awiri kapena atatu amaikweza pa wilibala n'kukaiswa kutchire mosathamanga. N'chifukwa chake muyezo wa EN 1143-1 umafuna kuti sefa iliyonse yosafika makilogalamu 1,000 ikhale ndi pomangira. Gwiritsani ntchito mabawuti otukumuka m'konkire, a mamilimita 10 kapena 12, pa mabowo onse amene opanga anaboola kale. Chongani malo, boolani molunjika kufika kuya kumene bawuti ikufuna, kenako chotsani fumbi lonse m'bowomo, chifukwa fumbi likatsala bawuti siigwira ndipo imazuka ikakokedwa. Ikani wochala yaikulu mkati mwa sefa musanamange. Musaboole nokha bowo latsopano pa sefa ya moto. Mukatero mwatsegulira kutentha njira.

Mabawutiwo amafuna konkire yeniyeni, yochindikala masentimita 10 kapena kuposerapo. Nyumba zambiri zathu pansi pake ndi simenti yopyapyala yopaka pamwamba pa njerwa zoswa, ndipo imeneyo imang'ambika ndi chitsulo chokanulira kamodzi kokha. Ngati kwanu kuli choncho, kumbani dzenje lokulirapo kuposa thako la sefa, lakuya masentimita 20, muthiremo konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, makamaka yokhala ndi tizitsulo mkati. Muziithirira madzi ndipo padutse sabata imodzi musanaboole. Konkire imafika mphamvu yake yonse pa masiku 28. Kumadera kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, konkireyo itukuke pang'ono pamwamba pa simenti. Khoma la zidina, kapena la njerwa zomangira dothi, silingagwire sefa ngakhale pang'ono.

Malo abwino ndi pakona, mbali yotsegukira chitseko itayandikana ndi khoma, kuti wokanula asowe popindira chitsulo chake. Wadilopu ya kuchipinda kwa eni nyumba ndi poyamba pomwe akuba amayang'ana, choncho ganizirani kwina. Amisiri odzamanga akhale ochepa komanso odziwika, ndipo katoni yake isakatayidwe kudzala komwe aliyense angaione.

Loko wa kiyi safuna mabatire, koma kiyi amatayika ndipo amakopedwa. Woyendetsa ndi gudumu la manambala amakhalitsa, kungoti amachedwa kutsegula. Wa mabatani ndi wachangu ndipo nambala mumasintha nokha, koma chenjerani ndi timasefa totchipa tomwe mpiringidzo wake umangogwiridwa ndi kachitsulo kapasipuling'i: tambiri timatseguka ndi kungomenya pamwamba kwinaku mukupotoza chogwirira. Loko wodalirika amakhala ndi muyezo wake, EN 1300. Mabatire akhale a alkaline, asinthidwe kamodzi pachaka asanathe, chifukwa akakhalitsa amadontha n'kudya mawaya. Kiyi wapadera wotsegulira mabatire akafa asasungidwe mu sefa momwemo, kapena m'dilowa ya pambali pake. Kamsungitseni kwina kwa munthu wokhulupirika.

Tsiku loyamba lomwelo sinthani nambala yobwera nayo kufakitale, yomwe kawirikawiri imakhala ngati 1234 kapena 123456. Chitani zimenezi chitseko chili chotsegula, muyese nambala yatsopanoyo katatu, kenako mutseke. Chaka chobadwa ndi manambala a foni ndi zoyamba zimene munthu wokudziwani amayesa.

Kuntchito, vuto lalikulu silichokera kunja kokha. Magulu a banki nkhonde amasunga bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo nzeru yomweyo igwire ntchito muofesi: wina asunge kiyi, wina adziwe nambala, aliyense asatsegule yekha. Pakhale buku lolembamo tsiku, nthawi, ndalama ndi siginecha za awiriwo. Wantchito wodziwa nambala akasiya ntchito kapena kusamutsidwa, nambala isinthe tsiku lomwelo. M'shopu, sefa yokhala ndi kampata koponyerapo ndalama imathandiza kuti wogulitsa aziponya popanda kutsegula. Ndalama zopitirira zimene inshuwalansi yavomereza zipite kubanki, pa nthawi zosinthasintha.

Chinyezi nacho chimaononga mwakachetechete, makamaka mu sefa ya moto yomwe makoma ake ali kale ndi madzi. Mapepala amachita nkhungu, mastepulo amachita dzimbiri. Ikanimo timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, muzitiumitsa kapena kutisintha pakapita miyezi ingapo, mapepala akhale m'mapulasitiki otseka bwino, ndipo muzitsegula chitseko kwa theka la ola sabata iliyonse kuti mupite mphepo. Mapepala ofunika kwambiri, monga a malo ndi buluubuku ya galimoto, muwajambule ndipo makope ake akhale kunyumba ina.