Mneni mmodzi wa Chifalansa wokwanira kunenera za mawa

Ndikayamba kalasi yatsopano ya Chifalansa, sipatha masabata atatu wina asanakweze mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga ndikafuna kunena zimene ndidzachite mawa, ndizitani?" Mabuku ena amamudikiritsa munthu wotereyu mpaka adzafike pa mutu wa futur simple, nthawi yam'tsogolo imene mneni amasintha mathero ake, kumene kuli timichira tambirimbiri ndi aneni osamva lamulo. Ine sindimudikiritsa. Ndimamupatsa mneni mmodzi yekha, aller, amene tanthauzo lake ndi kupita, ndipo akamaweruka tsiku limenelo amakhala akutha kunena za madzulo, za mawa ngakhalenso za chaka chamawa.

Eni chilankhulo amaitcha nthawi imeneyi futur proche, tingoti nthawi yam'tsogolo yapafupi. Kamangidwe kake n'kophweka. Mumatenga aller m'nthawi yatsopano, n'kutsatiza mneni winayo monga momwe alili mu dikishonale, osamukhudza ngakhale chilembo chimodzi. Mneni wosakhudzidwayu amamutcha infinitif, ndipo ndi mnzake wa mawu athu oyamba ndi ku-, monga kudya, kugona, kulemba. Choloweza pamtima ndi maonekedwe asanu ndi limodzi okha: je vais, tu vas, il va kapena elle va, nous allons, vous allez, ils vont kapena elles vont. Mukawagwira amenewa, je vais manger ndiye kuti ndidya, nous allons partir ndiye kuti tinyamuka, elles vont travailler ndiye kuti agwira ntchito.

Anthu amadandaula kuti vais ndi allons sizikuoneka ngati za m'banja limodzi. Sakunama. Aller ndi mneni wa zigamba: vais, vas, va ndi vont zidachokera ku mneni wa Chilatini vadere, j'irai, ndidzapita, idachokera ku ire, ndipo allons ndi allez zili ndi muzu wawonso. Palibe lamulo lotulutsira chimodzi kuchokera ku chinzake, kwake n'kuloweza basi. Koma taonani phindu lake. Mu futur simple, être amasanduka je serai, avoir je aurai ayi koma j'aurai, faire je ferai, voir je verrai, venir je viendrai, aliyense ndi khalidwe lake. Mu futur proche onsewa amakhala phee: je vais être, je vais avoir, je vais faire, je vais voir, je vais venir. Mutu umawawa kamodzi kokha.

Chimene chimasokoneza ophunzira anga poyamba n'chakuti amafunafuna ulendo m'chiganizo chilichonse. Mayi wina, wamalonda amene ankafuna Chifalansa choti azimvana ndi anzake a ku Lubumbashi, adandiyimitsa pa je vais rester ici. Adati, "Aphunzitsi, munthu angapite bwanji pomwe akuti akhala pompano?" Ndidamufunsa tanthauzo la kudza m'Chichewa. Adati kubwera. Ndiye ndidati, "Mukati ndidzagona msanga Lachisanu, akubwera ndani?" Adaseka. Kachidutswa -dza- kamene timanenera zam'tsogolo kadachokera ku kudza, koma masiku ano palibe amene amamva mapazi a munthu m'menemo. Ife tidabwereka kubwera, Afalansa adabwereka kupita, ndipo konseko mneniyo adasiya katundu wake pakhomo. N'chifukwa chake je vais aller au marché si chibwibwi ayi. Vais akunena nthawi, aller akunena ulendo.

Nthawi zina ulendowo umatsalamo ndithu. Munthu amene wanyamula chikwama n'kunena kuti je vais acheter du pain angakhale akutanthauza kuti ndikagula buledi, ndi -ka- wathu uja wa kupita kukachita chinthu kwina, kapenanso kungoti ndigula buledi. Chichewa chimasiyanitsa ziwirizi, Chifalansa chimasiyira womvera.

Tsopano pamene pamagwa ambiri. Pokana, ne ndi pas zimakumbatira aller, osati mneni wachiwiriyo: je ne vais pas manger, nous n'allons pas partir. Koma timawu tolowa m'malo mwa dzina, monga le, la, les, lui, y ndi en, timathawira kwa mneni wachiwiri n'kuima kutsogolo kwake, chifukwa ndiye mwini wake. Kumuona ndi je vais le voir, kusamuona ndi je ne vais pas le voir. Amene adazolowera je l'ai vu, ndamuona, pamene le amatsogolera mneni wothandizira, dzanja limamutengera kulemba je le vais voir. Afalansa akale, a zaka za m'ma 1600, ankalemba choncho, koma lero wochonga mayeso amadula ndi inki yofiira. Aneni odzichitira nawonso amatsata njira yomweyi, ndipo kamawu kawo kamasintha motsata munthu ngakhale mneni sakusintha: je vais me lever, tu vas te lever, nous allons nous lever. Nous wobwerezayo amaoneka ngati cholakwika cha wotayipa, koma ayenera kukhalapo.

Cholakwa china sichimveka ndi khutu, chimangooneka papepala. Manger, mangé ndi mangez zonse zimatchulidwa chimodzimodzi, choncho ndimachonga je vais mangé pafupifupi sabata iliyonse. Musachite manyazi, ana a ku France nawonso amagwa pomwepa, ndipo aphunzitsi awo amawapatsa msampha wosavuta. Chotsani mneniyo, ikanipo vendre. Ngati khutu likuvomera je vais vendre ndipo likukana je vais vendu, lembani -er.

Za katchulidwe ndingotchulapo ziwiri. S wa nous ndi vous amadzuka n'kumveka ngati z akakumana ndi a, motero mumati nuzalo ndi vuzale, mawu omaliza a allons akutulukira m'mphuno. Chachiwiri n'chathu ife eni. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo, wina ati kulira wina kurira timamvana. M'Chifalansa je vais lire ndi ndiwerenga, je vais rire ndi ndiseka. Mnyamata wina adaima kutsogolo kwa kalasi, pepala kumanja, n'kulengeza mwaulemu kuti aseka. Anzake adamuthandiza ntchitoyo.

Dzina lakuti proche, pafupi, ndimaliona ngati losocheretsa, ndipo apa ndipo ndimakhalitsa ndi ophunzira anga. Anthu amafunsa kuti pafupi pake pamathera pati, kaya ndi mawa kaya ndi sabata yamawa. Palibe malire otero. Mfalansa amanena je vais me marier l'année prochaine, ukwati uli chaka chamawa, ndipo mlembi wa mu ofesi angakuuzeni kuti je vous rappellerai dans cinq minutes, futur simple pa mphindi zisanu zokha. Chimene futur proche amayeza si kutalika kwa nthawi koma ngati chinthucho chayamba kale kuonekera lero. Mitambo yada bii kum'mawa, mphepo yayamba kununkha dothi: il va pleuvoir. Mwana wakwera pampando wogwedera, mayi ake akufuula: attention, tu vas tomber! Palibe mayi amene anganene tu tomberas pamenepo. Pa siteshoni ya sitima ku France, mawu a pa chimkuzamawu amati sitimayo va entrer en gare, n'kuchenjeza anthu kuti atalikire m'mphepete, chifukwa njanji zayamba kale kulira.

Chitsanzo chimene chimamveka msanga ndi cha mwana. Elle va avoir un bébé, ndiye kuti mayiyo ndi woyembekezera, nkhani ili m'njira. Elle aura un bébé un jour, ndiye kuti tsiku lina adzakhala naye mwana, pakadali pano palibe chilichonse. Mukasinthanitsa ziwirizi ponena za mlamu wanu, mwayambitsa mphekesera.

Pali malo amene futur simple sasunthika. Malonjezo akuluakulu, zolosera zakutali ndi malamulo olemera amakonda iyeyo, n'chifukwa chake lamulo lija lakuti usaphe limati tu ne tueras point. Pambuyo pa quand, ponena zam'tsogolo, Chifalansa cholongosoka chimafuna futur simple: quand tu arriveras, appelle-moi, ukafika undiimbire. Pambuyo pa si wa ngati, mumangogwiritsa nthawi yatsopano, si tu viens demain, ngakhale mukunena za mawa. Ndiye futur simple mudzamuphunzira ndithu, kungoti safunika kukhala woyamba.

Mukamvera anthu akucheza ku Paris, ku Bruxelles kapena ku Kinshasa, mudzaona kuti nous allons samveka kawirikawiri. Amati on va: on va manger, on va voir. Ne nayenso amamezedwa, n'kutsala je vais pas venir. Zimenezi muzimve, muzilankhule ndi anzanu, koma pa pepala la MSCE kapena la DELF, mayeso a Chifalansa ochokera ku France, bwezeretsani ne pamalo pake.

Aller yemweyo mukamuika m'nthawi yakale ya imparfait, mumapeza zimene munthu adatsala pang'ono kuchita. J'allais sortir quand il est arrivé, ndimati ndizituluka pomwe iye amafika. Chiganizo cha mtundu umenewu chimene ophunzira anga amachigwira msanga kuposa zonse ndi j'allais justement t'appeler, ndimati ndikuimbire pompano. Mayi wamalonda uja adachilemba kuseri kwa kope lake, akuti pali wina wa ku Lubumbashi amene amamuuza mawu amenewa nthawi iliyonse akamukumbutsa za ngongole, ndipo iye ankayesa ndi moni.