Si nthawi zonse p-value imachulukitsidwa kawiri

P-value ndi mwayi wopeza mwangozi chabe zotsatira zonga zimene mwapeza kapena zopitirira apo, poyang'ana mbali imodzi yokha (monga kuchuluka) kapena mbali ziwiri (kuchuluka ndi kuchepa). Ambiri tinaphunzira kuti p-value ya mbali ziwiri ndi ya mbali imodzi yochulukitsa kawiri basi. Pa binomial test, yomwe imayesa zinthu za zotsatira ziwiri zokha monga kukhoza kapena kulephera, zimenezi zimagwira bwino mwayi womwe mukuyesa ukakhala 0.5. Mukaponya ndalama yachitsulo ka 10 n'kugwera kumutu ka 8, mbali imodzi imapereka 0.055, mbali ziwiri 0.109, chifukwa mbali zonsezo n'zofanana.

Tsopano tiyerekeze mafunso 10, lililonse lili ndi mayankho asanu osankhapo, ndipo wophunzira wakhoza 5. Wongolota ali ndi mwayi wa 0.2 pa funso lililonse. Mbali imodzi ikupereka 0.033. Mukachulukitsa kawiri mupeza 0.066, n'kunena kuti umboni woti sanangolota palibe, poti yaposa malire ozolowereka a 0.05. Komatu binom.test ya mu pulogalamu ya R imapereka 0.033 yomweyo ngakhale pa mbali ziwiri. Imawonkhetsa zotsatira zokhazo zomwe mwayi wake suposa wa zimene mwapeza, ndipo kulephera mafunso onse kuli ndi mwayi wa 0.107, choncho mbali inayo siwonjezerapo kanthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti Binomial ya mu Legacy Dialogs ya pulogalamu ya SPSS, mukangosintha mwayi woyesa kuchoka pa 0.5, imalemba 1-tailed (ya mbali imodzi) osakufunsani. Ngati simunasankhe mbali musanaone zotsatira, nambala imeneyo musaiike mu lipoti ngati yankho la funso lanu.