Kuwotcha chotupa cha meningioma ya giredi 2 ndi cheza cholunjika

Ubongo ndi wokutidwa ndi tizikopa titatu topyapyala. Meningioma ndi chotupa chimene chimamera pa tizikopa timeneti, ndipo chikamakula chimapanikiza ubongo. Munthu amamva mutu wosaleka, amayamba kugwa ngati wakhunyu atakula kale, mkono kapena mwendo umafooka mbali imodzi, kapena maso amachita chidima.

Bungwe la WHO limagawa zotupazi m'magiredi atatu. Zambiri ndi za giredi 1, zokula pang'onopang'ono. Ya giredi 2, imene madokotala amati atypical, ndi yamakani: ngakhale ataichotsa bwino, imakonda kuphukanso. Sikani payokha siingatsimikize giredi. Amadziwa akapima kachidutswa ka chotupacho ku labotale, n'kupeza kuti maselo ake akugawikana mofulumira kapena alowerera mu ubongo. Choncho chithandizo chimayambira pa opaleshoni, ndipo kuwotcha kumabwera pambuyo, pofuna kuthana ndi kachotupa kotsalira kapena kongophukanso.

Dzina la njirayi ndi stereotactic radiosurgery, koma palibe mpeni. Anaiyambitsa ndi Lars Leksell, dokotala wa ku Sweden, mu 1951, ndipo makina oyamba a Gamma Knife anagwira ntchito ku Stockholm mu 1968. Makina a masiku ano amatulutsa timizere 192 ta cheza kuchokera ku cobalt-60, chitsulo chotulutsa cheza. Kamzere kalikonse n'kofooka, kamadutsa mu ubongo osawononga kwenikweni, koma pamene tonse takumana mphamvu yake imawononga maselo a chotupa kuti aleke kuchulukana. Makina ena, monga CyberKnife ndi linac, amachita zomwezo ndi X-ray.

Si chotupa chilichonse choyenera. Kuwotcha kamodzi kumafuna chotupa chosapitirira masentimita 3. Mphamvu ya cheza amaiyeza mu Gy: giredi 1 imalandira 12 mpaka 14 m'mphepete mwake, pamene giredi 2 nthawi zambiri imafuna 16 mpaka 20. Koma mtsempha wa diso supirira zoposa 8 mpaka 10 pa nthawi imodzi. Chotupa chikakhala chachikulu kapena chagundana ndi mtsemphawu, amagawa mphamvuyo pa masiku 3 mpaka 5, kapena amatsata njira yakale ya 54 mpaka 60 Gy pa masabata 6.

Tsiku la chithandizo, amakubayani jakisoni wadzanzi pamalo anayi, awiri pamphumi ndi awiri kunkhongo, n'kumangirira chitsulo chopepuka pachigaza kuti mutu usasunthe ngakhale milimita imodzi. Mumamva kuthina kwa mphindi zingapo. Kwina amagwiritsa chigoba cha pulasitiki chimene amachifewetsa n'kuchiumba pankhope panu. Kenako sikani ya MRI yokhala ndi mankhwala oonetsa chotupa, ndiye kudikira pamene madokotala akujambula malire ake pa kompyuta. Kuwotchako kumatenga mphindi 20 mpaka maola awiri, muli maso, osamva kuwawa. Ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Cheza sichitsalira m'thupi, mwana mutha kumunyamula bwinobwino. Ngati muli ndi pakati kapena chitsulo m'thupi, nenani zisanayambe.

Musayembekezere kuti chotupa chizimiririka. Chikaima osakula, chithandizo chagwira.

Vuto lalikulu la giredi 2 lili apa. Cheza chimamenya chokhacho chimene chikuoneka pa sikani, pamene maselo a chotupachi amayenderera m'kachikopa kaja mosaoneka. N'chifukwa chake chikabweranso nthawi zambiri chimatulukira m'mphepete, kunja pang'ono kwa malo owotchedwa, kapena pamalo ena apafupi ndi pomwe panachitika opaleshoni. Madokotala ambiri amasankha njira ya masabata 6 ija pamene malo okayikitsa ndi otambalala, ndipo mpofunika kuwafunsa chifukwa chimene akusankhira njira imodzi osati inzake. Pambuyo pake MRI imafunika pafupifupi miyezi 6 iliyonse m'zaka 5 zoyambirira, kenako chaka ndi chaka. Kachotupa kopezeka msanga kangathe kuwotchedwanso, koma kakakula basi, ndi opaleshoni ina. Amene mwakalandira chithandizo kunja, monga ku Johannesburg kapena ku India, bwerani ndi zithunzi zonse za sikani pa CD komanso kalata yonena mphamvu ndi malo owotchedwa. Popanda zimenezi dokotala wa kuno alibe chofanizira.

Mukawotchedwa, mutu, mseru ndi kutopa zimatha m'masiku ochepa, ndipo tsitsi lingasosoke pakamalo kakang'ono. Choopsa ndi kutupa kwa ubongo kuzungulira chotupa, kumene kumabwera mochedwa, patapita miyezi ingapo, makamaka pa zotupa za pakati pa mutu kumtunda. Amachiza ndi dexamethasone. Mankhwalawa amakweza shuga, amapweteka m'mimba, amasowetsa tulo, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Mlingo wake amachepetsa ndi dokotala. Mankhwala a khunyu pitirizani kumwa ngakhale mwatha miyezi osagwa.

Thamangirani kuchipatala ngati mutu ukuwawa mowonjezereka, makamaka m'mawa, mukusanza mobwerezabwereza, mwagwa n'kumaphupha, mawu akuvuta kutuluka, mbali imodzi yafooka, kapena achibale akuona kuti mukungowodzera ndi kusokonezeka.