Musathamangire kuyatsa kompyuta yakale ija

Mwezi wa June chaka chatha, m'mawa wina nkhungu itakuta phiri la Dedza moti sumaona tsidya lina la msewu, pa shopu yanga panafika bambo wina wachikulire atamangirira thumba la feteleza panjinga. Ndinkayesa kuti akugulitsa kachewere. Atamasula, munatuluka bokosi la kompyuta lomwe kale linali loyera koma tsopano lafiira ngati mano a wosuta chingambwe, kiyibodi yolemera, ndi timadiski khumi tomangidwa ndi mphira. Bamboyu anali kalaliki pa ofesi ina m'zaka za m'ma 1990, ndipo ofesiyo itayamba kutaya zida zakale anaigula pamtengo wozizira.

"Amisiri," anatero, "sindikufuna kuti indigwirire ntchito ayi. Ndingoiona ikuyaka basi."

Khumbo lotereli si la iwo okha. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu ambiri amene amasonkhanitsa makompyuta akale ngati chosangalatsa, monga ena amasungira galamafoni kapena galimoto zakale. Ambiri amasaka makina omwe ankaseweretsa ali ana, makamaka Commodore 64 ndi ZX Spectrum, onse otuluka mu 1982. Makinawa ankawalumikiza ku TV ya pabalaza, ndipo mapulogalamu ankachokera pa kaseti yofanana ndi ya nyimbo. Unkadikira mphindi zingapo tepi ikuzungulira masewero asanayambe. Nambala 64 ija ikuimira memori yake, makilobayiti 64. Foni yanu ya 4 GB ili ndi memori yochuluka kuwirikiza ka 65,000 kuposa pamenepo.

Mwina munamvapo zoti kompyuta yakale ndi chuma. Inde, Apple I imodzi, kompyuta yoyamba ya kampani ya Apple, inagulidwa pa okushoni ndi madola 905,000 mu 2014. Koma Steve Wozniak ndi Steve Jobs anapanga pafupifupi 200 zokha mu 1976, ndipo zambiri zinatayika. Bokosi lomwe lili kuseri kwa matumba a chimanga kwanuko linapangidwa ndi anzake mamiliyoni. Simudzalemera nalo.

Komabe ine ndimati lisungeni, chifukwa mbiri yathu ya makompyuta ili m'mabokosi amenewo. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, choncho ndi nyumba zochepa zedi zomwe zikanakhala ndi polumikiza Commodore. Ife kompyuta tinakumana nayo ku ofesi, ku sukulu ya ukalaliki ndi kumalo otayipitsa makalata: mitundu yotchedwa ma 386, ma 486 ndi Pentium. Pa sikirini yakuda ya MS-DOS unkalemba wekha lamulo. Makalata ankalembedwa pa WordPerfect, ziwerengero za ndalama pa Lotus 1-2-3, kenaka kunabwera Windows 95 anthu n'kuyamba kuphunzira kugwira mausi. Amene anakhalapo pafupi ndi pulinta ya riboni ya Epson sangaiwale kulira kwake, ngati nyenje masana a October.

Tsono chinthu choyamba chimene aliyense amafuna kuchita ndi kulowetsa pulagi pakhoma, ndipo makina ambiri amafera pomwepo. Yambani mwayang'ana kumbuyo kwa bokosi. Pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi pamakhala kaswichi kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali inayo. Magetsi athu ndi 230V. Makompyuta ambiri akale anabwera kuno ngati mphatso kapena kaunjika wochokera ku America, komwe magetsi ndi 120V, ndiye kaswichi kakatsalira pa 115 mudzangomva "phu!" kenaka utsi.

Mukatero tsegulani bokosilo mufufuze batire. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi mdani wamkulu amene anthu samudziwa. Kompyuta iliyonse ya mu ofesi ngati imeneyi ili ndi kabatire kosunga tsiku, nthawi ndi zina zofunika ikazimitsidwa. Pa ma 386 ndi ma 486 ambiri kabatireka ndi kooneka ngati kamgolo, kawirikawiri kabuluu, kowotcheredwa pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa bokosilo. Kakakalamba kamadontha mankhwala omwe amayenda pang'onopang'ono m'tinjira ta kopa n'kumatidya, ngati chiswe m'denga: kunja zonse zili bwino, m'kati mwatha. Chizindikiro chake ndi ufa woyera kapena wobiriwira m'mbali mwake. Kadulidwe ndi pulayala lero lomwe, ngakhale mulibe maganizo oyatsa kompyutayo chaka chino. Pomwe padonthera pakani viniga pang'ono ndi mswachi wakale, popeza mankhwalawo ndi a alkali ndipo viniga amawathetsa mphamvu, kenaka pukutani ndi spiriti wotchedwa isopropyl alcohol, muumitse bwino. Ma Pentium ambiri ali ndi batire yonga ndalama yachitsulo, CR2032. Imeneyo sidontha kawirikawiri ndipo ingosinthidwa.

Makapasita, tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi pa motherboard, nawonso amakalamba. Akatupa pamwamba kapena kutulutsa zofiirira, asinthidwe. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri. Koma sikirini yachitumba ija, CRT, musaitsegule n'komwe: m'kati mwake mumatsalira magetsi amphamvu kwambiri ngakhale mutaizula pakhoma, ndipo bokosi la power supply, lomwe limalandira magetsi a pakhoma, nalonso n'chimodzimodzi.

Kuno ku Dedza tilinso ndi vuto lathulathu. Kuzizira pakokha sikuwononga kompyuta, koma chinyontho cha nkhungu ndi cha dzinja chimabweretsa dzimbiri pa zitsulo ndi nguwi pa madiski. Musaiike pansi pa simenti kapena kuikulunga m'pulasitiki momwe chinyezi chimatsekeredwa. Ikhale pa shelefu, m'chipinda chopita mphepo. Mphemvu zimakonda kumanga mudzi m'katimo, makoswe amatafuna mawaya, muzitsegula kamodzikamodzi.

Timadiski tija, ta mainchesi 3.5, timanyamula 1.44 MB kamodzi, moti chithunzi chimodzi cha pa foni yamakono nthawi zambiri sichingakwanemo. Sony inasiya kutipanga mu 2011. Zomwe zilimo zimafufutika ndi nthawi komanso maginito, ndiye musatiike pamwamba pa sipika, ndipo ngati muli zolembedwa zomwe mumazikonda zikoperedwe msanga. Mukapezamo mafayilo a ofesi kapena a anthu ena, monga malipiro ndi makalata, si zofalitsa pa WhatsApp.

Ya bambo aja inali 486. Batire inali itadontha, koma inangodula tinjira tiwiri topita ku kiyibodi, ndipo ndinatilumikiza ndi waya wopyapyala. Popeza inali itaiwala zonse, ndinachita kukopera manambala olembedwa pamsana pa hard disk n'kuwalowetsa mu BIOS, pulogalamu yomwe imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa, kuti iizindikire. Atabwera Loweruka, ndinawapatsa mpando. Fani inalira, memori inadziwerenga, kenaka pa sikirini panaoneka C:\>. Sanandifunse kanthu. Anatayipa WP, lamulo lotsegulira WordPerfect, sikirini n'kusanduka yabuluu, ndipo chala chawo chinapita chokha pa F5 kukaona mndandanda wa mafayilo. Lachitatu kuchokera pamwamba linali kalata yopempha tchuthi, ya mu 1997.

"Anandikaniza tchuthi chimenechi," anatero akuseka, n'kundifunsa ngati ndingawapezere pulinta ya riboni.