Salmon Ikasiya Kudya, Musathamangire Kunyoza Chakudya

Ndatopa nalo dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri kwa oweta nsomba za salmon m'makhola a ukonde a m'nyanja yamchere, lakuti nsomba zasiya kudya chifukwa kampani yagulitsa chakudya choipa. Pamene mlimi akukangana ndi wogulitsa, kusinthasintha matumba ndi kudikira kuti mwina mawa zidya, nthenda ya kapamba (pancreas disease pa Chingerezi) imakhala italowerera kale m'khola loyandikana nalo.

Nthendayi inayamba kuoneka ku Scotland mu 1976, ndipo kachilombo koyambitsa, ka mtundu wa vayirasi, kotchedwa salmonid alphavirus, kanapezeka ku Ireland mu 1995. Ku Norway, kumene kumachokera salmon yowetedwa yochuluka kuposa dziko lina lililonse, lamulo limakakamiza mlimi kudziwitsa boma akangoikayikira. Lamuloli silinakhazikitsidwe mwamasewera.

Kapamba wa salmon sali ngati wa mbuzi woti mungamugwire ndi dzanja. Ndi timinofu tomwazikana m'mafuta ozungulira timatumbo tambirimbiri tonga zala tomwe tili kumunsi kwa chifu, ndipo ndi timinofu timeneti tomwe timatulutsa madzi ogaya mafuta ndi zakudya zomanga thupi. Kachilomboka kakapha timinofuti, nsomba ikhoza kumeza chakudya chodula chotani, koma chambiri chimangodutsa osagayika. N'chifukwa chake m'madzi mumaoneka timizere toyera mwachikasu, tonanda ngati mamina, tomwe nsomba zikutulutsa m'malo mwa ndowe, pamene zokha zikusambira mofooka m'mbali mwa ukonde pafupi ndi pamwamba.

Pali famu ina imene mpaka lero imandisowetsa mtendere. Anandiitana patatha masabata angapo nsomba zitayamba kukana chakudya, ndipo nditang'amba yoyamba ndinapeza m'mimba muli mbee, mafuta onse a pakati pa timatumbo atatheratu, mutasala timadontho ta magazi. Woyang'anira, munthu wakhama ndithu, anali atasintha kale chakudya kawiri. Choopsa kwambiri n'chakuti m'masiku omwewo anapopa nsomba zonse ndi makina kuzitulutsa m'khola kukazichotsa nsabwe za m'nyanja, osadziwa kuti kachilomboka sikalekera pa kapamba, kamawononganso mtima ndi minofu yosambirira. Nsomba ya mtima wodwala siipirira kupanikizidwa kotero. M'mawa mwake antchito ankazivuula zakufa, ndipo zambiri mwa izo, ndikukhulupirira, zikanachira zikanangosiyidwa phee.

Zopulumukanso si zonse zimene zimabwerera mwakale. Zina kapamba wake amaphukanso ndipo zimayamba kukula, koma zina amasanduka chipsera, moti zimakhala zoonda, mutu waukulu thupi ngati mpeni, pamene zinzake za msinkhu umodzi zanenepa. Mlimi amazidyetsa miyezi yambiri popanda phindu, ndipo ngakhale zomwe zanenepa, mnofu wake nthawi zina umatuwa kapena kukhala ndi mawanga, mtengo wake n'kutsika.

Apa ndi pamene amatulukira anthu olonjeza zozizwitsa, atanyamula ufa wothira m'chakudya umene akuti umapha kachilombo. Palibe mankhwala ochiza nthendayi. Maantibayotiki amalimbana ndi mabakiteriya, ndipo kuwathira pa vayirasi ndi kutaya ndalama komanso kuipitsa nyanja. Chakudya chosavuta kugaya chikhoza kuthandiza nsomba imene ikuchira, koma amene akukuuzani kuti chikuchotserani nthenda akufuna thumba lanu basi, ndipo tsiku lililonse lomwe mwamumvera, madzi akunyamula kachilombo kupita nako ku famu ya mnzanu.

Nsomba zikangochepetsa kudya mwadzidzidzi, makamaka m'chaka chawo choyamba m'nyanja madzi akamafunda, itanani dokotala wa nsomba tsiku lomwelo kuti atenge tizidutswa ta mtima ndi kapamba kukayezetsa ku labotale. Pamene mukudikira zotsatira, imitsani kusankha nsomba, kuzisamutsa kapena kuzipopa, chotsani zakufa tsiku ndi tsiku, ndipo boti kapena ukonde wa khola lodwala usakhudze khola lina usanatsukidwe ndi mankhwala. Katemera alipo, koma amabayidwa nsomba zikadali zazing'ono m'madzi opanda mchere, zisanapite kunyanja, ndipo ngakhale amachepetsa imfa ndi kuwonongeka kwa minofu, satseka khomo kotheratu. Kundiimbira foni kufunsa za katemera pamene timizere toyera tayamba kale kuyandama m'khola, ndiye kuti mwachedwa ndi miyezi yambiri.