Kwa inu amene mukudwazika amuna kapena akazi anu khansa ya m'magazi

Khansa ya m'magazi imayambira m'mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwira. Maselo oyera amachuluka mosalongosoka, ndiye munthu amafooka, amayera m'manja, amatuluka magazi m'nkhama. Siyopatsirana ndipo sikulodzedwa. Musawasamutse kuchipinda.

Chotidetsa nkhawa ife achipatala ndi kutentha thupi. Mankhwala a chemotherapy amapha maselo a khansa, koma amagwetsanso chitetezo cha m'thupi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwalawo. Masiku amenewo kachilombo kamene inu simungakamve n'komwe kangathe kupha mnzanuyo m'maola ochepa. Thupi likafika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Agadiyani ambiri amati, "Ndinawapatsa Panado, ndimati tione kukacha." Chonde musatero. Panado amangobisa kutenthako matenda akupitirira mkati. Musagulenso LA kugolosale poganiza kuti ndi malungo. Aspirin ndi Brufen ndiye ayi ndithu, amawonjezera kutaya magazi. Thamangirani chipatala chapafupi, musachite kudikira tsiku lanu la ku Kamuzu Central kapena ku Queens. Mukafika musaime pamzere mwakachetechete. Onetsani buku la kuchipatala n'kunena kuti, "Awa ali pa chemotherapy ndipo atentha thupi."

Tsitsi lidzathothoka, adzasanza, mkamwa mudzatuluka zilonda, nsima idzawakanika. Achibale adzabwera n'kumati mankhwalawa ndi amene akuwamaliza, tiyeni nawo kwa asing'anga. Apa m'pofunika kulimba mtima, chifukwa kusiyira mankhwala panjira kumapatsa khansa mpata wobwerera. Apatseni phala lofewa pang'onopang'ono, madzi owiritsa, chakudya chopsa bwino osati chogona. Muzisamba m'manja ndi sopo, ndipo mlendo wa chifuwa kapena chimfine azizonda ali panja. Za m'banja funsani adokotala mosachita manyazi. Mimba panthawiyi iyenera kupewedwa.

Masiku ena odwalawo adzakukalipirani popanda chifukwa. Ndi ululu ndi mantha, sikuti akudana nanu. Nanunso mumatopa, tikudziwa, choncho pezani wachibale wosinthana naye kuti mugoneko tulo. Abale ofuna kuthandiza akapereke magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, poti odwala khansayi amathiridwa magazi kawirikawiri.

Koma za kutentha thupi zija musaiwale. Gulani choyezera kutentha kwa thupi, chizikhala kumutu kwa bedi pamodzi ndi buku la kuchipatala. Ndalama ya thiransipoti ikhale padera, ndipo nambala ya wa njinga yamoto amene angadzuke usiku muisunge mufoni lero lomwe.